Tikajambulitse kuti mu Lilongwe muno? Ukwati ndi wa mu Okutobala

NaBanda_wa25
Moni nonse pagulu pano. Ndabwera ndi nkhani imene yatisowetsa tulo ine ndi amene tikumanga nawo banja. Ukwati wathu ndi Loweruka lachiwiri la Okutobala. Kudalitsa ndi 8 koloko m'mawa kutchalitchi kwathu ku Area 25, madyerero ayamba 1:30 masana kuholo ina ku Area 47. Zambiri zalongosoka, diresi lapezeka, ophika tagwirizana nawo, koma pa malo okajambulitsa zithunzi ndiye tasemphana. Iwo akufuna ku City Centre, pachiliza cha Kamuzu kenako panja pa Nyumba ya Malamulo, ati ndi pomwe pamaonetsa kuti ukwati unachitikira mu likulu. Ine mtima wanga uli pa malo a kapinga ndi mitengo, kaya ku Botanic kaya kumaloji a ku 43 kapena ku 10. A komiti akutikakamiza kuti tisankhe msanga kuti awerengere mafuta a magalimoto. Operekeza alipo 12, anayi mwa iwo ndi ana, ndiye pali makolo a mbali zonse ndi agogo anga aakazi ochokera ku Ntchisi omwe miyendo imawavuta. Amene munadutsamo tithandizeni. Malo abwino ndi ati, ndipo tingakwanitse malo angati?

Chisale_Kanengo
Zabwino zonse achemwali. Malo amodzi basi. Awiri mukalira nawo.

MwanaWaKawale
Ife tinazungulira malo atatu ndipo zinatheka bwinobwino. Musawaopseze.

Chisale_Kanengo
Munafika kuholo nthawi yanji?

MwanaWaKawale
Cha m'ma 3. Koma anthu anadikira.

Kamera_Mmanja
Ine ntchito yanga ndi yomweyi, ndajambula maukwati mu Lilongwe muno zaka zingapo, ndiye ndiloleni nditalikitse pang'ono.

Musanayambe kusankha malo, werengani kaye maola. Kudalitsa kwa 8 koloko kawirikawiri kumayamba cha m'ma 8:30, chifukwa mkwatibwi amachedwa kokonzedwa tsitsi ndi nkhope. Ulaliki, malumbiro, kusaina, makwaya awiri kapena atatu, mukutuluka cha m'ma 10:30. Panja anthu akufuna akugwireni chanza, azakhali akufuna akuvinireni, mukukwera galimoto 11 koloko yakwana. Kuholo mufunika kufika isanakwane 1 koloko kuti mudye, mupukute thukuta, operekeza akonzekere zolowa. Mukachotsapo nthawi ya pamsewu, chimene chatsala m'manja mwanu ndi ola limodzi, mwina ndi theka pamwamba. Ola limenelo ndi lomwe mukufuna kuligawira malo awiri kapena atatu.

Chachiwiri ndi dzuwa. Mu Okutobala, 11 koloko mpaka 1 koloko dzuwa limakhala paliwombo penipeni. Munthu akaima pamtetete nthawi imeneyo, maso amalowa mumdima, pansi pa mphuno pamachita chithunzithunzi, aliyense amatsinzina. Ndiye pali vuto la diresi loyera ndi khungu lathuli. Kamera ikatsatira diresi, nkhope zimada bii. Ikatsatira nkhope, diresi limangoyera mbee, zoluka zonse zimene munalipira ndalama zambiri osaoneka. Pamthunzi vuto limeneli limachepa kwambiri, chifukwa kuwala kumagwa mofanana pankhope ndi pansalu. Ndiye funso loyamba pa malo alionse lisakhale lakuti ndi okongola bwanji. Funsani kuti pali mitengo ikuluikulu yoti anthu 14 angaime pansi pake onse osawombedwa ndi dzuwa?

Pachiliza ndi panja pa Nyumba ya Malamulo ndi pokongola, sindikana, koma ndi pamtetete ndipo pansi pamabweza kutentha. Ndi malo oyenera m'mawa kwambiri kapena dzuwa litapendeka.

NaBanda_wa25
Zikomo kwambiri akulu. Za dzuwazo sindinaziganizeko n'komwe. Ndimangoona zithunzi pa Facebook n'kumati ndikufuna zoterezi.

Kamera_Mmanja
Zambiri zimene mumaona pa Facebook zinajambulidwa 5 koloko madzulo kapena tsiku lina, osati pakati pa tchalitchi ndi holo. Mukaona chithunzi chokusangalatsani, yang'anani chithunzithunzi cha anthuwo pansi. Chikakhala chachitali, dziwani kuti silinali dzuwa la masana.

MayiWaMvano
Mwana wanga, ine za kamera sindizidziwa, koma ndiyankhulepo monga kholo. Pachiliza paja ndi pamanda. Munthu anagona pamenepo. Kwathu kuno tikachokera kumanda timasamba m'manja tisanalowe m'nyumba, ndiye inu tsiku lomwe mukuyamba banja, mutangotuluka kumene m'tchalitchi, malo oyamba kupondapo akhale pamanda? Sindikunena kuti kukuchitikirani choipa, ine ndine wopemphera, zamatsenga sindikhulupirira. Koma chinthu chilichonse chili ndi malo ake. Agogo anu a ku Ntchisiwo mukawauza kuti tiyeni tikajambulitse kumanda, mudzaona nkhope yawo.

Jere_47
Mayi, ndi ulemu wonse, paja si manda wamba. Ndi malo a mbiri ya dziko. Ana a sukulu amapitako, alendo akunja amapitako. Kamuzu anamwalira mu 1997, chilizacho anachitsegulira mu 2006 kuti anthu azikaona ndithu. Mizati inayi ija ikuimira umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Kodi zinthu zimenezo si zomwe timawalangiza akwati?

MayiWaMvano
Mizatiyo ndaimva bambo. Koma pansi pa mizatiyo pali mtembo. Kukaona ndi kwina, kukavinirapo ndi velo ndi kwina.

Tiyanjane88
Ine ndili mbali ya mayi. Ndipo pali chinanso. Mabanja sakumbukira nthawi ya Kamuzu mofanana. Kwa ena ndi Ngwazi, kwa ena ndi zaka zomwe safuna kuzitchula. Chithunzi cha ukwati chimakapachikidwa pabalaza kwa apongozi zaka makumi. Funsani kaye mbali zonse ziwiri musanaike chinthu chotere kumbuyo kwanu.

Jere_47
Apo ndiye mwalowetsa ndale.

Woyang'anira_Gulu
Abale, ndale ayi pano. Mfundo yamveka, yakuti afunse makolo. Tibwerere ku malo.

Alinafe_Gulliver
Ndikuuzeni zimene zinationekera ife chaka chatha, mwina zikuthandizani. Tinasankha loji ina yokongola, ya kapinga wothiriridwa bwino, dzina sinditchula. Mchimwene wa amuna anga anapita kukalankhula ndi munthu wina wa pamenepo, anapereka ndalama pamanja, lisiti sanatenge. Tsikulo tikufika pageti ndi magalimoto asanu ndi limodzi, mahutala ali pakamwa, alonda akuti dzina lathu mulibe m'buku, ndipo munthu uja sali pantchito lero, foni yake yazima. M'katimo munali kale maukwati ena awiri. Tinaima panja pafupifupi mphindi 40, ine ndili m'galimoto thukuta lili kamukamu, zodzola zikuyenderera. Kamwana konyamula maluwa kanayamba kulira ndi njala. Mapeto ake ankolo analipiranso kachiwiri kuti atitsegulire, ndipo pakona pokongola paja panali pa mzere, timadikira anzathu amalize. M'zithunzi zathu zingapo kumbuyo kukuoneka operekeza a ukwati wina, ovala zobiriwira pomwe athu anavala zofiira.

Ndiye kulikonse kumene musankhe, pitani ku ofesi, osati kwa munthu wa pageti. Tengani lisiti lolembapo tsiku, ola ndi chiwerengero cha anthu. Funsani kuti tsiku limenelo alandira maukwati angati. Funsaninso ngati amalola kulowa ndi madzi ndi zakudya za ana. Lisitilo asunge munthu amene akwere galimoto yoyamba, lisakhale m'chikwama cha munthu amene watsogola kuholo.

NaBanda_wa25
Pepani kwambiri asisi, zinali zowawa. Okutobala ndi mwezi wa maukwati ambiri, ndiye nafenso tikhoza kukumana nazo zimenezi.

Phiri_Joni
Ine ndili ku Johannesburg, ndinathandiza ukwati wa mlongo wanga. Bwanji osangopita kunyanja? Ku Senga Bay mchenga, madzi, zithunzi zake simungazifanizire ndi za m'tauni.

Chisale_Kanengo
Amwene, mwakhalitsa kunja. Kuchoka mu Lilongwe kufika ku Senga Bay ndi makilomita opitirira 100. Apite, ajambulitse, abwerere, alendo ali kuholo kuyambira 1 koloko?

Phiri_Joni
Sindikutanthauza tsiku lomwelo. Mawa lake, Lamulungu.

Alinafe_Gulliver
Zimatheka ngati diresi ndi lanu. Ngati ndi lobwereka, ambiri amafuna libwerere msanga ndipo likadetsedwa ndi mchenga wonyowa mulipira. Komanso Lamulungu akwati ambiri amayenera kukaonekera kutchalitchi, ndipo alangizi ndi ankhoswe amakhala asanamalize nanu.

NdirandeBoy
Vuto lanu a ku Lilongwe ndi lakuti mzinda wanu ndi wa dzulodzuloli, likulu linangobwera kumeneko mu 1975. Kuno ku Blantyre sitivutika. Tchalitchi cha St Michael and All Angels, chomangidwa ndi njerwa kuyambira 1888 mpaka 1891, ungoima kutsogolo kwake chithunzi chatha. Nyumba ya Mandala ya 1882 ili pompo ndi khonde lake ndi mitengo yake. Ukafuna zobiriwira, minda ya tiyi ku Thyolo imakhala yobiriwira ngakhale mu Okutobala. Kulikonse ungatembenuke kumbuyo kuli phiri, Soche, Michiru, Ndirande.

Jere_47
Nanga chiperoni chikakugwerani mu Julayi, mapiri anuwo amaoneka?

NdirandeBoy
Chiperoni chimakongoletsa zithunzi, funsani ojambula.

Kamera_Mmanja
Pamenepo akunena zoona, mitambo ndi bwenzi la wojambula. Koma mayiwa ukwati wawo uli ku 25, tiwathandize za kuno.

Nachisale_Likuni
Ine ndikuti ku Botanic. Ndi pafupi ndi Capital Hill, malo ndi aakulu, mitengo ilipo yambiri, ngakhale mutakumana maukwati atatu aliyense apeza kona yake. Kungoti mu Okutobala musayembekeze kapinga wobiriwira paliponse. Mvula imakhala inasiya mu Epulo, udzu umakhala wauma kupatula pomwe pamathiriridwa. Amene anajambulitsa mu Febuluwale kapena Malichi zithunzi zawo ndi zina, zanu zidzakhala zina. Pitani Loweruka lina 11 koloko yomweyo mukaone ndi maso anu, mukafunsenso ku ofesi za malipiro ndi chilolezo cha gulu.

Ndipo ngati abambowo akufunitsitsa chinthu choonetsa kuti ndi mu likulu, chipilala chokumbukira asilikali chija cha ku Area 18 chili pafupi pomwepo. Chimaonekera patali, pamenepo palinso chiboliboli cha Kamuzu. Mphindi khumi zokha zakwana, chithunzi chimodzi kapena ziwiri, basi.

MayiWaMvano
Chipilalacho ndilibe nacho mawu, pamenepo sipanaikidwe munthu.

Tiyanjane88
Ku Wildlife Centre nakonso kuli mthunzi weniweni, nkhalango ya mitengo yachilengedwe m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, pakati pa Old Town ndi City Centre. Koma ndi malo osamalirako nyama zopulumutsidwa, pamafunika bata. Mahutala ndi nthungululu sizingayende kumeneko, ndiye mukafunse kaye ngati amalandira gulu la ukwati. Komanso tinjira take ndi ta m'nkhalango, nsapato zazitali zija zikakuvutani.

Maluwa_a_pepo
Palibe amene watchula jakaranda! Kumapeto kwa Seputembala mpaka mu Okutobala mitengo imeneyi imakhala itachita maluwa, pamwamba pepo pansi pepo. M'misewu ina ya madera akale ngati ku Area 3 mumaipeza. Ndi zaulere, ndipo chithunzi chake aliyense akangochiona amadziwa mwezi umene munakwatirana.

Alinafe_Gulliver
Ndi zokongola koma samalani, maluwa amenewo akapondedwa amathimbiriritsa nsalu. Yalani kaye nsalu yoyera pansi, diresi ligone pamwamba pake, m'chithunzi sizioneka. Chimodzimodzi dothi lathu lofiirali. Wina mwa operekeza ntchito yake ikhale yonyamula mchira wa diresi paliponse pamene mukuyenda.

Chisale_Kanengo
Mitengo yambiri yomwe tinkaidalira m'mbali mwa msewu wa Kenyatta inapita pomwe ankakuza msewu uja. Msewu ndi wabwino tsopano, sindikana, koma mthunzi uja ndimaukumbuka. Tikadzala ina lero, ana athu ndi amene adzajambulitsepo.

Jere_47
Msewu umenewo ndi womwe ukukufikitsani msanga ku City Centre lero. Kale pamenepo timakhala ola lathunthu.

Chisale_Kanengo
Zonse ziwiri ndi zoona amwene.

DalaivalaWaMaukwati
Poti mwatchula misewu. Ine ndimayendetsa magalimoto a akwati, ndiye mverani izi. Kuchoka ku 25 kupita ku City Centre, kenako kubwerera ku 47, mukuzungulira. Onani kaye ngati Loweruka limenelo kuli mpira ku Bingu Stadium. Bwalo lija lili ku Area 48, limalowa anthu pafupifupi 40,000, ndipo kukakhala masewero aakulu misewu yonse ya ku 49, ku 47 ndi ku 18 imadzaza kuyambira masana, nthawi yomweyo imene inu mukuthamangira kuholo. Alendo anunso akachedwa nazo.

China, chepetsani magalimoto opita kojambulitsa. Anthu amafuna aliyense atsatire, magalimoto khumi, ndiye pa raundabauti iliyonse mzere umaduka, ena asochera, mukuyamba kuimbirana mafoni. Atatu akwana: ya akwati, minibasi imodzi ya operekeza, ndi ya wojambula. Wojambula atsogole, akafike kaye. Mafuta thirani Lachinayi kapena Lachisanu, mwaona nokha mmene amasowera nthawi zina, simungakaime pamzere wa mafuta ndi mkwatibwi m'galimoto.

Mu Okutobala mulinso kamvuluvulu. Ndinaonapo velo itakwera m'mwamba n'kukakodwa mu mtengo pabwalo lina lopanda kapinga, fumbi lonse m'maso mwa operekeza. Tengani mapini okwanira.

NaBanda_wa25
Za mpira ndiwauza a komiti ya zamayendedwe aone. Koma ngati magalimoto ndi atatu, makolo ndi agogo ajambulidwa kuti? Ine chithunzi ndi agogo ndi chimene sindingalole kuti chisowe. Ndi amene anandilera mayi atamwalira.

Mlongo_wa_Biwi
Achemwali, mawu amenewa andikhudza, ndiloleni ndinene zanga.

Ife tinakwatirana zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Tinalipira malo okongola kwambiri, a maluwa ndi kamlatho, ndipo zithunzi zake zinatuluka bwino. Agogo anga sanapite nawo, anati mwendo ukuwawa, anatsalira kunyumba kwa malume ku Biwi komwe azimayi amaphikira. Pochoka kojambulitsa tinadutsira komweko kuti ndisinthe nsapato. Tinawapeza atakhala pamkeka pansi pa mtengo wa mango, akusankha mpunga m'lichero, kumbuyo kwawo miphika ikuluikulu ili pamafuwa, utsi uli tolotolo. Atandiona ndi diresi anaika lichero pansi, anapukuta manja pachitenje kawiri konse asanandigwire, kuopa kundidetsa. Ndinagwada pamkeka pomwepo, iwo anandigwira masaya ndi manja onse awiri n'kuyamba kunditchula dzina la kumudzi lomwe palibenso wina amanditchula. Wojambula anali pambuyo panga, sindinadziwe kuti wajambula.

Agogo anatisiya chaka chotsatira. Lero pabalaza pathu chithunzi chachikulu ndi chimenecho, cha pamkeka, miphika ikuoneka ndi ndowa ya buluu pambali. Za pakamlatho zija zili mu alubamu, timazitsegula mwa apo ndi apo.

Sindikuti musapite kumalo okongola, pitani ndithu, ndi tsiku lanu. Koma agogowo musawakokere padzuwa kuti akafike kumene kuli maluwa. Wojambula apite kumene iwo ali.

MayiWaMvano
Mwayankhula mwana wanga. Mulungu akudalitseni.

NaBanda_wa25
Ndawerenga misozi ili m'maso. Zikomo asisi.

Kamera_Mmanja
Zimene anena a Mlongo_wa_Biwi ndi zomwe ndimalangiza makasitomala anga, kungoti ambiri samva. Zithunzi za abale zijambulidwe kutchalitchi komweko mukangotuluka, chifukwa ndi nthawi yokhayo imene aliyense ali pamalo amodzi, zovala zisanakwinyike. Pitani Lamulungu likubwerali mukayang'ane mbali ya tchalitchi imene imakhala ndi mthunzi cha m'ma 10:30, kaya ndi khonde kaya ndi mtengo. Ikanipo mpando umodzi wabwino wa agogo. Iwo akhale pansi kamodzi kokha, magulu azisinthana mowazungulira. Yambani ndi iwo ndi makolo, akatha apite akapume.

Lembani magulu papepala pasadakhale: akwati ndi abusa, akwati ndi ankhoswe, akuchikazi, akuchimuna, mbali zonse pamodzi, a kwaya, a kuntchito. Asapitirire khumi. Ndiye mupeze munthu mmodzi wa mawu amphamvu wodziwa abale a mbali zonse, aziitana mayina. Ine sindingadziwe kuti azakhali aakulu ndi ati, ndipo mukawaiwala azakhali aakulu mlandu wake sutha. Mukachita bwino, mphindi 25 zakwana. Kenako makolo atsogole kokadya, inu ndi operekeza mupite malo amodzi a mthunzi.

Chomaliza, ndipo ichi ndimachipempha ndi mtima wonse. Cha m'ma 5 koloko, dzuwa likamafiira, tulukani muholo inu awiri nokha mphindi 15. Mu Okutobala dzuwa limalowa isanakwane 6 koloko, ndiye nthawi yake ndi yochepa. Ngakhale kuseri kwa holo kutakhala khoma la njerwa ndi mtengo umodzi, kuwala kwa nthawi imeneyo kumakometsa khungu kuposa malo alionse amene mungalipire masana.

MC_wa_mawu
Apo ndiye ayi. 5 koloko perekaniperekani ali pakati, mwina ndi nthawi ya keke kapena ya akuchimuna. Akwati akatuluka anthu amaona ngati zatha, amayamba kunyamuka. Ndalama zimene komiti ikuyembekeza kuti ibweze ngongole ya holo zituluka nawo pakhomo.

Kamera_Mmanja
Mphindi 15 zokha akulu. Ikani pamenepo gule wa operekeza kapena kwaya.

MC_wa_mawu
Ndaimapo pa maukwati ambiri. Mphindi 15 za wojambula ndi 40. Ndipo anthu amafupa akamaona nkhope za akwati, safupa mipando.

Tiyanjane88
Koma perekaniperekani wa masiku ano watalika mopitirira. Maola anayi anthu akungoitanidwa, a kuntchito, a kumpingo, a ku banki m'khonde, anzake a mkwati a kupulayimale. Akwati amafika usiku atatopa osalawa n'chakudya chomwe.

MwanaWaKawale
Nanga ukwati ulipiridwa ndi chiyani? Zinthu zinakwera, kuyambira pomwe kwacha inagwa mu Novembala 2023 mitengo ya holo ndi zokongoletsa siinabwererenso. Perekaniperekani ndi amene amawapatsa poyambira.

Nachisale_Likuni
Nkhani imeneyo ndi ya tsiku lina. Njira ilipo: akwatibwi ambiri amasintha chovala chachiwiri chakumapeto. Nthawi yotuluka kukasintha ija ndi yomweyo, MC amaidziwa kale ndipo amaikonzera nyimbo. Ingoikani kusinthako cha m'ma 5, ajambulidwe kaye ndi diresi loyera panja, kenako akasinthe. Palibe amene aone ngati zatha.

MC_wa_mawu
Zikakhala choncho ndilibe vuto, bola zilembedwe pa pulogalamu ndipo wina aziyang'ana wotchi.

Phiri_Joni
Chinanso musaiwale, gwirizanani ndi wojambula tsiku lolandira zithunzi, mulembe. Za mlongo wanga tinadikira miyezi isanu, ndalama titalipira zonse. Musamalize kulipira zithunzi musanalandire. Ndipo tsukitsani zina zikhale papepala, za mufoni zimapita ndi foni.

Kamera_Mmanja
Ndi zoona, ena mwa ife amaononga mbiri ya ntchitoyi. Theka poyamba, theka polandira, ndi chilungamo kwa onse. Mufunsenso ngati ali ndi kamera yachiwiri ndi mabatire okwanira, magetsi kuholo sitiwadalira.

Jere_47
Ine ndikadali pa mfundo yanga kuti mkwati naye amvedwe. Tsikuli ndi la anthu awiri. Ngati iye akufuna Nyumba ya Malamulo, apatsidwe ngakhale chithunzi chimodzi. Kungoti pa nyumba za boma simungangofika n'kuyamba kujambula, pali achitetezo, mukapemphe chilolezo masiku asanafike.

NaBanda_wa25
Ndabweranso abale. Dzulo Loweruka tinapita tonse awiri, tinanyamuka kutchalitchi kwathu 11 koloko yeniyeni kuti tiyese msewu. Tinayamba ku City Centre. Titaima panja mphindi zisanu zokha iwo eni anavula jekete n'kunena kuti ndi suti ndi tayi sangapirire. Za pachiliza tinawafunsa ankhoswe a mbali zonse, ndipo a kwawo ndi amene anayamba kukana, ndiye nkhaniyo yatha popanda kukangana.

Tagwirizana chonchi. Abale onse tijambulitsa kutchalitchi, kuli mtengo waukulu wa mthethe kumbali ya kumadzulo ndipo abusa atilola kuikapo mipando. Kenako ife ndi operekeza ku Botanic, magalimoto atatu. Kapinga ndi wouma ndithu monga munanenera a Nachisale, koma tapeza malo a mitengo yowirira bwino ndipo wojambula wathu wawakonda. Pobwerera tiima pachipilala cha ku 18 mphindi khumi kuti abambo apeze chithunzi chawo cha likulu. Ku ofesi tipitanso mkati mwa sabata kukalipira ndi kutenga lisiti. Za 5 koloko tamuuza MC, wavomera kuziika pa nthawi yosintha chovala.

Agogo ndinawaimbira kudzera pa foni ya msuweni wanga. Ati iwo sakufuna mpando, akufuna mkeka, ndipo abweretsa chitenje chimene mayi anga anavala pa chinkhoswe chawo kuti tikachiyale pamenepo.

Mlongo_wa_Biwi
Muuzeni wojambula asawauze agogo kuti yang'anani kuno. Angowasiya ayankhule nanu.

Alinafe_Gulliver
Ndipo ana anayi aja muwanyamulire madzi ndi mabanzi m'minibasi, adye asanavale magolovesi.

DalaivalaWaMaukwati
Za mpira a komiti anaona?

NaBanda_wa25
Akuyang'ana ndandanda ikatuluka. Kukakhala masewero tidzera njira ina pobwerera ku 47, dalaivala wathu wati akayesa misewu iwiri Loweruka likubwerali.